Supuni ya Che Bakari

Elliam anamwalira Lachitatu m'mawa atadya guluu, ndipo pofika Lachinayi tauni yonse ya Liwonde inali itaweruza kale mlandu. Amayi a pamsika, asodzi a pa Shire, ngakhale anyamata a chipani amene ankaima pachipata cha msika kufunsa makadi, onse ankatchula dzina limodzi, la Sufiyani. Ine Sajeni Yoram, amene boma linkandilipira kuti ndizifufuza milandu, ndinali munthu yekhayo m'tauni monsemo amene ndinali ndisanadziwe wolakwa.

Bwana wanga, a Insipekita, zimenezi zinkawanyansa.

"Sajeni, mukuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna kuikira," anatero. "Mnyamata tamutsekerayu ndiye amaphika guluu pafakitale paja. Ndiye amasunga mankhwala a makoswe amene apezeka m'guluumo. Lolemba anakangana ndi amalume ake, eni fakitale, anthu onse akumva. Ankafuna kupha mkuluyo, mwatsoka wafa wantchito. Mukufunanso chiyani? Landirova ya ku Zomba ikubwera mawa madzulo, akwere basi."

Masiku amenewo milandu yakupha inkapita kukhoti la mafumu, kumene loya sankaloledwa kupondako. Munthu akakwera Landirova ija ndi mlandu wa poizoni, abale ake ankayamba kumulira akadali moyo, chifukwa kumapeto kwa msewuwo kunali chingwe. Ine sindinkamudziwa Sufiyani, sanali mbale wanga kapena mnzanga. Kungoti mtima wanga sukhazikika mlandu ukabwera wophikaphika, wongofuna kumeza. Ndinavala chipewa n'kutuluka.

* * *

Fakitale ya Che Bakari inali kuseri kwa siteshoni ya sitima. Ukangolowa pachipata, fungo la chinangwa chovunda linkayamba kukulonjera, kenako pansi n'kukugwira. Tizidutswa ta tepi tinali mbwee pabwalo ponse, ndipo ndisanafike pakhomo nsapato zanga zinali zitatola tambirimbiri. Wapolisi akamayenda akukwakwaza mapepala ulemu wake umachepa.

Mbiri ya malowo aliyense ankaidziwa. Che Bakari anagwirapo ntchito kufakitale ya makatoni ku Halale, ndipo dziko litangolandira ufulu anabwerera kwawo ndi kachitsulo kopukusa ndi manja, atakakulunga m'thumba. Anayambira pakhonde, ndi mphika umodzi, chinangwa cha kumunda kwa akazi awo ku Mposa, ndi mapepala a matumba a simenti amene ankawadula ndi lezala. Ankapaka guluu pamapepalawo, n'kuyanika, n'kukulunga. Imeneyo ndiyo tepi yomatira makatoni imene amalonda a nsomba ndi amasitolo a ku Balaka anayamba kugula. Njanji ya ku Nayuchi itatsegulidwa, makatoni anachuluka, khonde linasanduka shedi, mphika unasanduka diramu. Kenako mwana wawo Hamadi anabwera kuchokera kusukulu ku Blantyre ndi nzeru ya pulasitiki yopyapyala, yoonekera, yomata yokha. Anthu ankaikutira mabuku a ana, koma makamaka makadi a chipani, poti khadi likang'ambika ndi thukuta mwini wake ankagona ndi njala pakhomo pa msika. Shedi yachiwiri inamangidwa, ndipo pofika chaka chimenechi cha 1974 pabwalopo pankadyera mabanja oposa khumi.

Mkuluyo ndinamupeza pabenchi, kumthunzi wa shedi yakale, milomo itauma gwa. Anali wamfupi, wa ndevu zoyera, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuyeza mawu pasikelo.

"Che Bakari, pepani ndi zovutazi. Koma ndithandizeni. Munthu wamkulu ngati inu kumadya guluu, nkhani yake ndi yotani?"

"A Sajeni, tepi ya pepalayi munthu amaimata ndi lilime," anayankha. "Pamene ndinkayamba, Asilamu anzanga ankaikana. Ankati guluu wa Azungu amaphika ndi mafupa, ndipo palibe akudziwa ngati ndi a ng'ombe kapena a nyama ija sitiitchula. Ndiye ine ndinatenga supuni pamaso pawo, n'kudya. Ndinati wanga ndi chinangwa chokhachokha, ndi phala. Kuyambira tsiku limenelo palibe diramu imene imagwira ntchito ndisanadyeko supuni imodzi m'mawa. Lilime limandiuzanso ngati guluu wapsa bwino."

"Nanga dzulo chinakuletsani n'chiyani?"

"Mwezi unaoneka Lachiwiri madzulo. Dzulo linali tsiku loyamba la Ramazani, ndinali nditafunga. Mwezi wonse wa kusala supuni imapita kwa Elliam, poti iye ndi Mkatolika, ndiponso ndi amene ndinayamba naye pakhonde paja." Anakweza dzanja lake lamanja n'kuliyang'ana nthawi yaitali. "Ndinamupatsa ndi dzanja ili, a Sajeni. Ndinamuuza kuti bisimilahi, idya m'malo mwanga."

"Lolemba munakangana chiyani ndi Sufiyani?"

"Iyayi, zimenezo ndi za m'nyumba. Ndi mwana wa achemwali anga, ndamulera ndine. Mwana ukamulera umamukalipira."

Anatseka pakamwa, ndipo ndinaona kuti ngakhale nditakhala pamenepo mpaka Idi sangatsegulenso.

* * *

M'shedi yatsopano munkanunkha mankhwala okhaokha, mpaka maso kuyabwa. Hamadi anali yekha, atapinda manja a malaya oyera, akulongedza pulasitiki m'katoni. Anali wamtali, wometa bwino, wa wotchi yonyezimira. Sanaleke ntchito nditalowa.

"Sore, Sajeni, oda iyi ndi ya dzulo. Makasitomala sadziwa maliro."

"Lachiwiri munali kuti, a Hamadi?"

"Ndinanyamuka pa sitima ya masana kupita ku Balaka, kukatenga maoda. Guluu anali asanaikidwe n'komwe pamoto. Ndinagona komweko, kwa mayi Lukiya a tiyirumu ya pasiteshoni. Dzulo masana pobwera ndapeza anthu akulira."

"Makiyi a shedi yakale ali ndi ndani?"

"Ababa, ine, ndi Sufiyani. Koma ine kumeneko sindilowalowa, ndi dipatimenti ya anthu akale." Anapumira m'mwamba. "Sufiyani ndi msuweni wanga, tinakulira mbale imodzi. Koma ndinawauza ababa kuti mukamuuza munthu kuti zonsezi zidzakhala zako, mwamuika moto m'thumba. Ena sadziwa kudikira."

"Zonsezi zidzakhala za Sufiyani?"

"Mwambo wa Chiyao, Sajeni. Chuma cha amalume chimapita kwa mwana wa mlongo wawo. Ababa akuti pa Idi, kusala kukatha, amupatsa makiyi pamaso pa abale onse. Ine ndilibe problemu, ndili ndi satifiketi yanga."

Akulankhula choncho anakoka tepi ya pepala yaitali kuposa mkono wake, n'kuiyala patebulo, n'kuipukuta ndi kansanza konyowa kuchokera uku mpaka uko. Kenako anaizunguliza katoni yonse kamodzin'kamodzi, mwaukhondo ndithu.

"Inu simunyambita ngati anzanu?" ndinafunsa, pongofuna kucheza.

"Malovu ndi uve, Sajeni. Ndakhala ndikuwauza kuti kasitomala wa ku Limbe safuna katoni ya malovu. Amandiseka, amati nsanza ndi ya anthu onyada."

Ndinatuluka ndikukwakwaza mapepala anga, mtima uli m'mwamba kuposa mmene ndinalowera, koma osadziwa chifukwa chake.

* * *

Kumaliro ndinafika azimayi a Chikatolika akuimba. Dorica, mkazi wa malemu, nayenso ankagwira ntchito yodula tepi pafakitale pomwepo. Achemwali ake anamutulutsira kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndinanjuta patsogolo pake chipewa chili m'manja. Misozi inali itamuthera, kunatsala ukali.

"Funsani msanga, bambo, ndikagone pafupi ndi amuna anga."

"Diramu anatsegula ndani dzulo?"

"Amuna angawo. Amafika oyamba, anang'amba tepi ya pachivundikiro ndi mpeni wawo. Sufiyani anachedwa, paja Asilamu anadzuka kusanache kudya daku wawo."

"Ankadziwa kuti alawa ndi iwo tsiku limenelo?"

"Akanadziwira kuti? Aliyense ankati kufunga kuyamba Lachinayi, a Hamadi mpaka anaonetsa anthu kalendala yawo ya ku Limbe. Amuna anga potuluka m'nyumba anati, Dorica, mawa ndiyamba kudya ufumu wanga. Tikufika pachipata tikumva kuti mwezi waoneka kale. Iwo kuseka, akuti bola, phala laulere layamba msanga. Che Bakari amalawa, koma anga aja ankadya, sanalekere pa supuni imodzi. Ndinawanena kuti inu dyera lidzakuphani." Anagwira pakamwa ndi nsalu. "Ndinanena choncho ine, anthu akumva."

Ndinadikira mpaka mapewa ake atasiya kugwedezeka.

"Za Lolemba munamvako?"

"Ndinangomva makiyi, makiyi, mkulu uja akumenya tebulo. Zina sindikudziwa. Sufiyani anaphunzira kuphika guluu m'manja mwa amuna anga. Dzulo ndi iyeyo anawabereka kumsana kuthamangira nawo kuchipatala, masanzi akumutsikira m'khosi. Ngati ndi iye, Mulungu amuone. Ngati si iye, inunso Mulungu akuoneni."

Mawu amenewo anandiperekeza mpaka kupolisi.

* * *

Sufiyani anakhala pakona ya chitokosi, mbale ya chakudya cha masana ili pomwe anaiikira apolisi. Anali wojintcha, wa zipsera za moto m'manja, wouma pakamwa ngati amalume ake.

"Bwanji sukudya?"

"Ndafunga, bwana."

"Ndiuze za Lachiwiri."

"Ndinaphika guluu masana. Atazizira ndinavundikira, ndinamata chivundikiro kuopa mphemvu ndi makoswe, ndinakhoma shedi. Kenako tonse tinapita pamlatho kukayang'ana mwezi."

"Nonse? Si paja mumati kufunga ndi Lachinayi?"

"Timayang'anabe. Kalendala si mwezi."

"Anauona ndani?"

"Ine. Unali wochepa ngati chikhadabo, kumunsi kwa utsi. Ndinawalozera ashehe, nawonso anauona."

Ndinaimirira, n'kukhalanso. Munthu amene wathirira amalume ake poizoni kuti akadye m'mawa, kodi angakhale woyamba kuloza mwezi umene uwaletse kudya? Akanangotseka pakamwa pake, utsi n'kuumeza mwezi uja. Ndipo atauloza, kiyi anali naye m'thumba, akanatha kukataya diramu yonse Elliam asanaiyandikire.

"Lolemba unkalimbirana makiyi ndi amalume ako?"

Anayang'ana pansi. "Ndinkawakana, bwana."

"Unkakana chiyani?"

"Makiyiwo. Ndinati apatseni achimwene a Hamadi, shedi yatsopano anaimanga ndi iwo, ine ndingokhala wophika. Amalume anakwiya. Anati fakitale yawo siingapite kwa munthu wogulitsa guluu amene lilime silingalawe."

"Bwanji sunanene zimenezi dzulo?"

"Achimwene anali pomwepo. Ndikanawachititsa manyazi."

Pali anthu ena amene ulemu wawo umakupsetsa mtima. Uyu anali wokonzeka kupita kuchingwe kuopa kuchititsa munthu manyazi.

"Chivundikiro umamata bwanji?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Ngati aliyense. Kachidutswa aka, kunyambita, kumata. Uku, uku, uku ndi uku. Lilime la munthu ndi lalifupi, bwana, tepi yaitali ingakuchekeni."

Sindinamutsanzike. Diramu ija tinali titaisunga m'chipinda cha katundu wa umboni, pakati pa njinga zobedwa ndi zigubu za kachasu. Ndinanyamula chivundikiro n'kupita nacho pawindo. Tizidutswa tinayi ta Sufiyani tinalipo, koma todulidwa pakati bwinobwino ndi lezala. Pamwamba pake panadutsa tepi ina, imodzi, yaitali, yozungulira chivundikiro chonse, imene mpeni wa Elliam unang'amba m'mawa muja. Munthu wina anatsegula diramu Sufiyani atachoka, n'kuimatanso, ndipo munthuyo sanagwiritse lilime.

* * *

A Insipekita anayang'ana chivundikirocho, n'kundiyang'ana ine, n'kuseka.

"Sajeni, inuyo mutagwira mankhwala a makoswe ndi zala zanu, mungatenge tepi ndi zala zomwezo n'kuika pakamwa? Ngakhale Sufiyani wanuyo akanafuna nsanza. Anabwerera yekha, anathira, anamata ndi madzi. Ndipo mukufuna kuloza chala ndani? Hamadi, munthu amene amakutira makadi a chipani boma lonse lino? Munthuyo anali ku Balaka. Samalani, ana anu akadali aang'ono."

Chopweteka n'chakuti pa za nsanzazo sankanama. Tepi yokha siikanamasula munthu. Ndinafika kunyumba osalankhula, ndinakalipira ana popanda chifukwa, ndipo mayi a kunyumba anandifunsa ngati pampando pali nsikidzi, poti ndinkangokhala n'kuimirira.

Lachisanu m'mawa ndinakwera basi yoyamba ya ku Balaka. Kunja kunali kutayamba kale kutentha, ndipo mbali zonse za msewu tchire linali lakuda ndi moto wa osaka mbewa. Tikuyandikira Balaka utsi unachita kuphimba mapiri. Basi inaima kawiri kuti anyamata aone makadi, ndipo khadi lililonse limene linatuluka m'thumba linkanyezimira ndi pulasitiki ya Hamadi. Ndinaluma mano mpaka tinafika.

Tiyirumu ya mayi Lukiya inali yotseka, poti nawonso anali atafunga. Ndinawapeza kuseri akusenda mbatata za futali, chakudya chomasulira madzulo. Anali mayi wonenepa, wa mawu ambiri, mtundu wa mboni imene wapolisi amaipempherera.

"Che Hamadi? Eee, mwana wa Che Bakari, kasitomala wanga uja. Amagona chipinda chakumapeto icho, safuna cha pafupi ndi bafa, akuti udzudzu. Munthu waukhondo, amabwera ndi sopo wake, mwamva? Lachiwiri anagona kuno, inde."

"Anafika ndi sitima ya masana?"

"Sitima? Iyayi, bambo. Ya masana ndinailandira ndine ndi mandasi, munalibe Che Hamadi. Anafika mdima utayamba, pa lole ya thonje ya Che Uladi. Jekete yonse thonje lokhalokha, ine kumuseka kuti mwasanduka nkhosa. Ndinamupatsa bulashi."

Ndinalemba dzina la Uladi. "Kuno mwezi munauona Lachiwiri?"

"Tiuonere pati ndi utsi umenewu? Amuna anayang'ana mpaka makosi kuwawa, osaona kanthu. Ashehe anati basi, tiyamba Lachinayi. Ndiye Lachitatu ine ndinatsegula tiyirumu ngati masiku onse. Che Hamadi anadzuka mochedwa, anaitanitsa tiyi wamkaka ndi mazira, akuti lero n'lomaliza, tidyeretu. Anali wosangalala, mpaka anandifunsa ngati foni ya kusiteshoni yalira kumufuna iye. Ndiye basi ya ku Liwonde ikufika, akulowa kondakitala, Msilamu mnzathu. Ndikuti tiyi, akuti iyayi amayi, ife kwathu tafunga lero, mwezi unaoneka pamlatho. Bambo inu, kapu yanga ya dongo, ya maluwa, imene ndimapatsa alendo aulemu okha, phwaa pansi."

"Anaigwetsa Hamadi?"

"Nanga ndani? Nkhope yake kuchita kutuwa. Akumugwira kondakitala malaya, akuti, ababa afunga? Kondakitala akuti Liwonde yense wafunga. Ndiye iye akuti, nanga walawa ndani? Kawiri konse, walawa ndani? Ife kungoyang'anana, osamva mutu wake. Anatuluka osatsanzika, mazira osatha."

"Nthawi imeneyo mbiri ya maliro inali itafika kuno?"

"Maliro ake ati? Za Che Elliam tamva madzulo ake. Kondakitala ananyamuka ku Liwonde anthu asanayambe ntchito." Anasiya mpeni m'beseni, n'kundiyang'ana bwinobwino koyamba. Mawu ake anatsika. "Bambo, kodi ndalankhula zoipa?"

* * *

Uladi ndinamupeza pamzere wa malole kufakitale yopunthira thonje, atagona pansi pa lole yake. Sanavute. Anati Lachiwiri Hamadi anamuimitsa kuseri kwa fakitale ya bambo ake, dzuwa litatsala pang'ono kulowa, pamene anthu ankatsikira kumlatho. Anakwera kumbuyo pathonje, akuti kutsogolo kukutentha.

"Ukubwerera ku Liwonde liti?"

"Akanditsitsa katunduyu, bwana. Mwina madzulo."

Kutsogolo kwake kunali malole ena, ndipo onyamula mabelo ankayenda ngati ali pa ukwati. Basi yobwerera inali itafa pasiteji, makaniko ali m'mimba mwake. Ndinazungulira bwalo limenelo mpaka alonda anayamba kundilozerana. Pamapeto pake ndinavula jekete ya boma n'kuyamba kutsitsa nawo thonje, ine sajeni wathunthu, anthu akuseka. M'mutu mwanga munkangolira injini ya Landirova.

Tinalowa mu Liwonde dzuwa litapendeka, mayi Lukiya, amene ndinawatenga ngati mboni, ali pakati pathu kutsogolo, akudandaula za mbatata zawo njira yonse. Landirova inali itaima kale pakhomo pa polisi, chitseko chakumbuyo chotsegula. Sufiyani anali m'katimo, unyolo m'manja, akuyang'ana zala zake. Dalaivala anali akumaliza ndudu.

A Insipekita anamvetsera mboni ziwirizo ataima pakhonde. Mayi Lukiya atafika pa mawu aja akuti walawa ndani, bwana anavula chipewa n'kupukuta thukuta. Anali munthu wouma mutu koma osati woipa mtima.

"Mutsitseni," anauza kapolisi. Kenako anatembenukira kwa ine. "Malo m'galimotomu alipobe, Sajeni. Pitani mukatenge mwini wake."

* * *

Ndinapita ndi Sufiyani yemwe, poti kwawo kunali komweko. Pabwalo la fakitale anali atayala mikeka kuyembekezera kumasula. Che Bakari anakhala pabenchi yawo ija, ndipo Hamadi anali akukhoma shedi yatsopano. Ataona msuweni wake akuyenda wopanda unyolo, kiyi anamukanika kulowa pa loko.

Ndinafotokoza zonse pamaso pa bambo ndi mwana, mosakweza mawu. Ndinanena za tepi yaitali, za sitima imene sanakwere, za lole ya Uladi, ndi za kapu ya mayi Lukiya. Lachitatu, malinga ndi kalendala yake, linali tsiku lomaliza limene bambo ake akanagwira supuni Idi isanafike. Mkuluyo akanamwalira asanapereke makiyi, wophika guluu akanapita kuchingwe, ndipo pabwalopo pakanatsala munthu mmodzi. Chimene sanachiwerengere ndi maso a Sufiyani pamlatho.

"Ndi mabodza a mayi wa tiyirumu," anatero Hamadi. "Sajeni, mukudziwa kuti ndikhoza kuimba foni imodzi yokha?"

Che Bakari sanayang'ane ine. Anayang'ana mwana wawo.

"Hamadi, Lachitatu unafunga?"

"Ababa, ku Balaka mwezi sunaoneke."

"Sindikukudzudzula, ndikufunsa. Unamwa tiyi uli ndi mtendere, ukudziwa kuti ine ndagwira supuni?"

Hamadi anatsegula pakamwa. Mawu anabwera onse pamodzi, osapuma.

"Fakitale iyi munali nayo pakhonde. Ndani anapita ku Limbe kukagwada kuti atipatse pulasitiki? Ndani anamanga shedi iyi? Anthu onsewa akudya chifukwa cha ine, ndiye inu mupatse wophika phala chifukwa anabadwa kwa achemwali anu? Ine ndine mwana wanu, ababa. Ine."

"Ndiwe mwana wanga," anavomera mkuluyo. "Elliam ndiye anakunyamula pa njinga kupita nawe kusukulu tsiku loyamba."

Hamadi anakhala pansi pafumbi, malaya oyera omwewo, ndipo sanalimbe pamene ndinkamuveka unyolo. Kapolisi amene ndinabwera naye anamutenga. Akutuluka pachipata, tizidutswa ta tepi tinkamukwakwaza kunsapato ngati mmene tinkachitira ndi ine. Ndagwira anthu ambiri pa ntchito yanga, ena ndikumva kukoma, koma tsiku limenelo ndinalakalaka a Insipekita akanatuma wina.

Kumzikiti kunamveka kuitana kwa Magaribi, pemphero la dzuwa likalowa. Anthu anakhala pamikeka mwakachetechete, osayang'anana. Mtsikana wina wa m'banjamo anabwera ndi kapu ya madzi, anagwada, n'kuipereka kwa Che Bakari kuti amasule. Mkuluyo anali asanamwe kanthu chiyambire mbandakucha, m'kutentha konse kuja. Anailandira, anaifikitsa pafupi ndi milomo, n'kuima. Munthu amene kwa zaka khumi ankadya za m'diramu pamaso pa anthu kuti asaope, anangoyang'ana m'kapumo, osamwa.

"Madziwa watunga ndani?" anafunsa motsitsa.

Mtsikana uja anayamba kulira.

Sufiyani anadzuka pamkeka, zipsera za unyolo zikuonekabe m'manja mwake. Anagwada patsogolo pa amalume ake, anatenga kapu ija, anati bisimilahi, n'kumwako pang'ono. Anadikira kanthawi, onse tikumuyang'ana, kenako anaibweza ndi manja awiri.

"Imwani, amalume," anatero. "Ndalawa ine."